Mwezi wandidutsa koma ndilibe pakati: mafunso ndi mayankho pa za msambo, kuchepetsa kudya ndi ntchito yolemetsa thupi

Kuno kuchigwa cha Shire nkhani ya msambo sitiikamba pagulu. Timaikamba motsitsa mawu pamjigo, kapena tikatsala awiri m'njira yochokera kudimba. Mayi akati "mwezi uno sindinaone," mnzake amangomwetulira, poti onse amaganiza chimodzi: waima. Kawirikawiri zimakhaladi choncho. Koma alipo amayi ndi atsikana amene ayezetsa kawiri katatu, pakati palibe, msambo nawo kuli zii. Mafunso awa ndi a anthu otere, makamaka amene kudya kwawachepera, mwadala kapena chifukwa cha njala, ndi amene thupi lawo likugwira ntchito yoposa chakudya chimene likulandira.

Kodi n'zoona kuti kuchepetsa kudya kungaimitse msambo?

N'zoona, ndipo nkhaniyi imayambira m'mutu, osati m'chiberekero. Pansi pa ubongo pali kachigawo kamene madokotala amakatchula kuti hypothalamus. Ameneyu ndiye kapitawo wa msambo. Amatumiza uthenga pafupipafupi, ngati kugunda kwa ng'oma, kwa kanthu kakang'ono ngati njere ya nandolo kotchedwa pituitary. Ako kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH, amene amakadzutsa matumba a mazira, aja anamwino ena amati mabasiketi. Matumbawo akadzuka amakhwimitsa dzira n'kutulutsa estrogen, amene amayala m'kati mwa chiberekero pokonzekera mwana. Pakati pakapanda kukhala, choyalacho chimayalulidwa, ndiye msambo umene timauonawo.

Tsono kapitawo uja amawerengeranso chakudya. Taganizirani mayi amene wasuzumira m'nkhokwe n'kupeza mapira atsala pang'ono Januwale asanafike. Saphikira alendo thobwa, ndipo za chinkhoswe amati tidzaona chaka chamawa. Ufa wotsalawo ndi wa ana. Thupi nalo likaona kuti zolowa zachepa kuposa zotuluka, limayamba ndi zosunga moyo: mtima, kupuma, ubongo. Kubereka limakuika pambali, chifukwa mimba ndi kuyamwitsa zimadya mphamvu zambiri. Ng'oma ija imayamba kulira patalipatali, dzira silikhwima, estrogen amatsika, chiberekero sichiyalidwa, ndiye palibe choti chituluke.

Izi sizinayambe ndi mafashoni a lero. Pa njala imene inagwa ku Holland chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mu 1944 ndi 1945, amayi ambiri a m'mizinda anasiya kusamba, ndipo chakudya chitabwera msambo unabwereranso.

Ndadumphitsa mwezi umodzi wokha. Ndide nkhawa?

Yambani mwayezetsa pakati. Ngakhale mukhale mukudya pang'ono bwanji, ngakhale munagona ndi abambo kamodzi kokha, yezetsani. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapezeka kuchipatala ndi m'mafamase. Gwiritsani mkodzo woyamba wa m'mawa, ndipo kakaonetsa kuti palibe, bwerezani pakatha sabata imodzi ngati msambo sunabwere.

Pakati pakakhala palibe, mwezi umodzi si wodetsa nkhawa. Maliro, malungo, mayeso a Fomu 4, ulendo, zonsezi zimatha kuchedwetsa dzira. Kwa amayi ambiri, kuchokera tsiku loyamba la msambo kufika tsiku loyamba la wotsatira pamadutsa masiku 21 mpaka 35. Achipatala amati pali vuto lofunika kulifufuza ngati patha miyezi 3 osaona kwa mayi amene ankasamba mwezi ndi mwezi, kapena miyezi 6 kwa amene msambo wake ndi wodumphadumpha kale.

Ine sindidziwa ndi khomo la jimu lomwe, ndine mlimi. Zikundikhudza bwanji?

Zikukukhudzani kuposa a kujimuwo. Nkhani imeneyi ikamalembedwa kunja imanena za othamanga ndi ovina, ndiye munthu wa ku Makhanga kapena ku Ngabu amaiona ngati ya azungu. Koma thupi silisiyanitsa chitsulo cha kujimu ndi khasu. Silidziwanso ngati mwagona ndi njala pofuna kulowa m'diresi la ukwati kapena poti ufa watha. Limangowerenga kuti zalowa zingati, zatuluka zingati.

Tawerengani tsiku la mayi wa kuno. Kulawirira tambala woyamba kuti akalime dzuwa lisanakwiye. Kubwerako ndi mtolo wa nkhuni. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo saisenza kamodzi. Kusinja mapira kapena mchewere, kupalira thonje, ganyu wa m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kupalasa njinga kupita kumsika ndi matumba kumbuyo, mwana ali kumsana. Ntchito yolemetsayi imafika pachimake m'miyezi ya Disembala mpaka Malichi, nthawi yomwenso nkhokwe zagona. Ndipo tisanamizane: mayi ndiye amadya pomaliza, abambo ndi ana atakhuta, nthawi zina n'kungonyambita mthiko n'kunena kuti "ndadya kale pophika."

Ofufuza amene anayeza amayi olima a m'nkhalango ya Ituri ku Congo anapeza kuti m'nyengo ya njala, amayiwo akamatsika sikelo, mahomoni awo a uchembere ankatsikanso. Choncho mayi wa ku Nsanje amene banja lake lafika pokadya nyika za m'dambo, msambo wake ukasowa, asafulumire kuganiza kuti wina wamuchita chipongwe.

Onjezani nkhawa. Amene anakhala m'misasa madzi atasefukira mu Januwale 2015, kapena pa namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kugona m'kalasi ndi anthu osawadziwa, chakudya chochita kupimirana, katundu atapita ndi madzi. Nkhawa imakweza homoni yotchedwa cortisol, imene imatontholetsanso ng'oma ya kapitawo uja. Njala, ntchito ndi nkhawa zikakumana mwa munthu mmodzi, chilichonse sichifunika kukhala chachikulu kuti msambo uime.

Nanga chakudya chimachepa pofika pati? Pali muyeso wake?

Ulipo, ngakhale si mzere wojambulidwa ndi lula. Ofufuza amawerenga mphamvu ya chakudya mu makalori. Amatenga zimene munthu wadya, n'kuchotsa zimene wawotcha pa masewera kapena pa ntchito yolemetsa. Zotsalazo ndiye za thupi. Zikatsika kuchepera makalori 30 pa tsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi, osawerengera mafuta, mahomoni amayamba kusokonekera, ndipo pa kafukufuku zinaoneka m'masiku 5 okha. Thupi limakhala pabwino zikafika cha m'ma 45.

Tiyerekeze ndi mtsikana wolemera makilogalamu 55, amene 12 mwa iwo ndi mafuta. Otsala ndi 43. Kuchulukitsa ndi 30 tipeza makalori 1,290. Akadya makalori 1,800 pa tsiku, amene ambiri angati n'chakudya chokwanira ndithu, koma n'kuthamanga makilomita 10, amawotcha pafupifupi 550. Atsala ndi 1,250. Wagwera kale kunsi kwa muyeso, chonsecho sanadumphe nkhomaliro ngakhale tsiku limodzi.

Sindikunena kuti muziyenda ndi kope n'kumawerengera mtanda uliwonse wa nsima. Masamuwa angotionetsa kuti munthu atha kudya katatu n'kukhalabe ndi ngongole. Mayi woyamwitsa ngongole yake ndi yaikulu, poti kupanga mkaka kumadya makalori pafupifupi 500 pa tsiku.

Koma ine sindine woonda. Anthu amandiuza kuti ndili ndi thupi labwino.

Galasi silionetsa ngongole. Mayi amene anali ndi makilogalamu 80 n'kutsika msangamsanga kufika 68 atha kusiya kusamba, ngakhale akuonekabe wathupi. Chimene ubongo umaona ndi kutsika kwadzidzidzi ndi kuperewera kwa tsiku ndi tsiku. Kutaya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwanu m'miyezi yochepa, monga kuchoka pa 60 kufika 54, n'kokwanira kwa ena. Palinso amene sikelo siyenda n'komwe, poti thupi lachepetsa moto wake kuti lisunge zimene lili nazo.

Woonda kwenikweni amadziwika poyerekeza kulemera ndi msinkhu. Kuchipatala amatenga makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wa m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo, ndipo yankho likachepera 18.5 munthuyo ndi wopepuka mopitirira. Kwa mayi wotalika mita 1.6, ndiye kuti kuchepera makilogalamu 47.

Zizindikiro zina zoti thupi lili pa ngongole: kutopa kosatha, kuthothoka tsitsi, kudzimbidwa, kusowa chilakolako cha m'banja, kuuma kumaliseche, ndi kumva kuzizira. Munthu womva kuzizira ku Chikwawa anzake akutuluka thukuta ayenera kudzifunsa.

Ndikukonzekera ukwati. Ndasiya nsima ndipo ndikumwa tiyi wochepetsa thupi amene ndinagula pa WhatsApp. Msambo wasowa miyezi iwiri.

Achemwali, zinthu zasintha. Amayi athu ankanyadira akauzidwa kuti "mwanenepatu, akukusungani bwino." Lero mtsikana wa pa Dyeratu kapena pa Bangula akutsegula foni n'kuona ziuno za pa TikTok, telala nayenso wasoka diresi lothina dala. Sindikuletsani kufuna kuoneka bwino. Koma njira mwatengayi ndi imene imaimitsa msambo msanga.

Nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa ndi zimene zimapatsa ubongo shuga woti ugwirire ntchito. Mukazichotsa zonse kamodzi n'kutsala ndi kabichi ndi madzi a mandimu, mwachotsa mbali yaikulu ya chakudya cha tsiku popanda cholowa m'malo. Tiyiyo naye, ambiri mwa matiyi oterewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika poti mwataya madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo kuno kotentha kutaya madzi ndi mchere wa m'thupi si masewera. Chinanso chimene ogulitsa sanena: ngati mumamwa mapiritsi olera, kutsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza kungachititse kuti asagwire ntchito. Ndiye yezetsani pakati musanaganize china chilichonse.

Ngati mukufunadi kutsika, theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro limene thupi limalolera. Chepetsani zakumwa za shuga, mandasi ndi tchipisi. Mitanda itatu ikhale iwiri, osati ziro. Diresilo akulitse telala.

Nanga kusala kudya kwa kutchalitchi kapena kwa Ramadan?

Kusala tsiku limodzi kapena masiku atatu, kapena kusala masana n'kudya mokwanira madzulo, sikuimitsa msambo mwa mayi wathanzi, ngakhale tsiku lake litha kusuntha pang'ono. Vuto limabwera kusalako kukatalika, masabata atatu kapena kuposa, munthu akumasula ndi tiyi ndi kabanzi kokha, kwinaku akupitabe kumunda. Woyembekezera, woyamwitsa, wodwala shuga ndi amene msambo wake waima kale akambirane ndi achipatala komanso atsogoleri a mpingo kapena mzikiti asanayambe.

Mwana wanga amasewera mpira wa manja kusukulu ndipo amathamanga. Wasiya kusamba, anzake akuti ndi mmene zimakhalira kwa osewera. Ndi zoona?

Zimachitika kwa osewera ambiri, koma si zabwino, ndipo apa mayi ndikupemphani mulimbe. Madokotala a zamasewera ku America analipatsa vutoli dzina mu 1992, Female Athlete Triad, kutanthauza zinthu zitatu zoyendera limodzi ngati mafuwa: kudya kosakwanira, kusowa kwa msambo, ndi kufooka kwa mafupa. Mu 2014 bungwe loyendetsa masewera a Olympics linakulitsa nkhaniyi n'kuitcha RED-S, litaona kuti ikukhudzanso mtima, chitetezo cha thupi, maganizo, ngakhalenso anyamata.

Fuwa lachitatulo ndi limene limandidetsa nkhawa. Estrogen sagwira ntchito ya msambo yokha. Ndiye amasunga mafupa. Fupa limamangidwa ngati nyumba, ndipo njerwa zambiri zimaikidwa mtsikana asanakwanitse zaka 20. Zotsala zimamalizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 20, kenako moyo wonse munthu amadya zimene anasunga. Mtsikana wa zaka 16 akakhala chaka chathunthu osasamba, ndiye kuti chaka chimenecho omanga anali pa sitalaka. Njerwa zina sizidzabwezeretsedwa ngakhale msambo utabwerera. Zotsatira zake ndi ming'alu ya mafupa a msongolo ndi phazi, ululu umene umayamba akathamanga n'kumakulirakulira, ndipo kuukalamba msana ndi chiuno zosachedwa kuthyoka.

Mpira si wolakwa. Mwawi Kumwenda sakanafika ku Australia akanauleka mpira wa manja. Cholakwa ndi kuyeserera maola awiri dzuwa lili pamutu, mwana atachoka kunyumba osadya kadzutsa, atayenda makilomita angapo kupita kusukulu. A kusukulu zogonera komweko nawo, nsima ya nyemba ya pa belu siwerengera kuti uyu wathamanga, uyu wakhala m'kalasi. Mutumizireni mtedza, chiponde, ufa wa phala. Achepetse masiku oyeserera, apume tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo mupite naye kuchipatala. Mukamuuza kuti akadya bwino adzathamanga kwambiri, amva msanga kuposa kumuopseza ndi za ukalamba, ndipo simukhala mutamunamiza.

Dziwaninso kuti zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mtsikana atatha msinkhu, msambo umadumphadumpha mwachibadwa. Koma masiku 90 osaona ndi ofunika kufufuza ngakhale kwa namwali watsopano. Chimodzimodzi mtsikana amene wafika zaka 15 asanaonepo, kapena 13 mawere asanayambe kumera. Ndipo anamwino akati ayeze pakati, musakwiye kuti akumunyoza mwana wanu, amayeza aliyense.

Magazi amene sakutulukawo akupita kuti? Agogo akuti akuundana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa.

Sakupita kulikonse chifukwa sanapangidwe. Msambo si zoipa zimene thupi limasonkhanitsa kuti lizitaye. Ndi choyala cha m'chiberekero chija. Estrogen akatsika, palibe choyalidwa, ngati mphasa imene sinatambasulidwe siifuna kupindidwa. Mimba ikamatupa kapena mukamva chinthu cholimba, chimenecho n'china ndipo chikufuna sikani.

Ndili pa jakisoni wolera komanso ndatsika thupi. Ndidziwa bwanji chimene chaimitsa msambo?

Kawirikawiri ndi jakisoniyo. Depo wa miyezi itatu, ngakhalenso Sayana Press wodzibaya wekha uja, amapyapyalitsa choyala cha m'chiberekero, moti pakatha chaka pafupifupi theka la amayi amasiya kuona msambo. Si matenda. Mukasiya, msambo ndi kubereka zimatha kuchedwa kubwerera miyezi ingapo, ena mpaka chaka. Za pamkono, Implanon wa zaka 3 ndi Jadelle wa zaka 5, zimasokonezanso: ena amadontha pang'onopang'ono, ena saona n'komwe. Lupu ya kopa ndiyo siimitsa msambo, choncho wa lupu akadumphitsa ayezetse mwamsanga.

Komabe jakisoni asakhale chophimba. Ngati mukuonda osadziwa chifukwa, kauzeni anamwino a kolera. Depo naye amachepetsako mphamvu ya mafupa pa nthawi imene mukumugwiritsa ntchito, ndiye mayi amene akudya mosakwanira ndi bwino akambirane ngati njira imeneyi ikumuyenerabe.

Woyamwitsa kusaona msambo n'kwachibadwa. Koma kumateteza pakati pokhapokha zitatu izi zilipo pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere.

Popeza sindikusamba, ndiye kuti sindingatenge pakati?

Mungatenge. Dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo usanabwere, ndiye tsiku limene thupi laganiza zoyambiranso silikulengezani. Ambiri amazindikira mwana akugunda kale. Ngati simukufuna pakati, lerani.

Kwa amene akufuna mwana, nkhani yabwino ndi yakuti kuima kwa msambo kotereku si uchumba. Mazira alipo, angogona. Musalole achibale a kuchimuna ayambe kukunenani kapena kukuyendetsani kwa asing'anga musanayese chinthu chapafupi: kudya mokwanira ndi kupepukitsa ntchito kwa miyezi ingapo. Ndi bwinonso thupi libwerere kaye musanaime, chifukwa mayi woonda kwambiri amatha kubereka mwana wochepa sikelo kapena wosakwana masiku.

Pali mankhwala otsegula msambo? Ena akuti ndimwe zitsamba, ena akuti mapiritsi olera.

Zitsamba zotsegula msambo zisiyeni. Zambiri zimagwira ntchito popotokola chiberekero kapena kutsegula m'mimba, muyeso wake sudziwika, ndipo ngati muli ndi pakati pamene simunapadziwe mutha kutaya magazi ambiri muli kutali ndi chipatala. Wa kutsidya kwa Shire nthawi ya dzinja akudziwa kutalika kwa ulendo umenewo.

Mapiritsi olera amabweretsadi magazi mwezi ndi mwezi, koma magazi amenewo ndi a mapiritsi, si chizindikiro choti ubongo wayambiranso ntchito. Zili ngati kupaka laimu khoma long'aluka. Bungwe la madokotala a mahomoni la Endocrine Society, mu malangizo ake a 2017, linati mapiritsiwa asaperekedwe pongofuna kubweretsa msambo kapena kulimbitsa mafupa mwa amayi a vuto ili. Kumwa pofuna kulera ndi nkhani ina, ndipo palibe choletsa. Mungodziwa kuti akubisirani uthenga umene thupi likanakupatsani.

Ndikudya monga kale koma ndikuonda ndipo msambo wasiya. Chingakhale chiyani?

Apa musataye nthawi ndi nkhani ya zakudya. Kuonda kosafuna kuli ndi eni ake: chifuwa chachikulu, makamaka ngati mukutsokomola, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, kachilombo ka HIV kosayezedwa kapena ma ARV osamwedwa mwandondomeko, shuga, amene amabwera ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi, ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, chimene chimathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kukayezetsa poopa pakamwa pa anthu, koma anthuwo ayamba kale kulankhula, ndipo mankhwala a TB ndi ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma.

Palinso zoimitsa msambo zosakhudzana ndi kuonda. Mawere kutuluka mkaka musakuyamwitsa, pamodzi ndi mutu kapena kusaona bwino, zimaloza ku kuchuluka kwa prolactin, homoni yopangitsa mkaka. Kumva moto m'thupi ndi thukuta la usiku musanafike zaka 40 kutha kukhala kusiya kusamba msanga. Nthawi yake yeniyeni ndi pakati pa zaka 45 ndi 55. Mayi amene anataya magazi ambiri pobereka, mkaka osatuluka, msambo osabwereranso, kapena amene anakolopedwa m'chiberekero pakati patachoka, anene zimenezi kwa dokotala. Mankhwala ena a matenda a maganizo amaimitsanso msambo.

Ndipo pali gulu limene nkhani yake ndi yotembenuka. Mayi wonenepa, wa ziphuphu, womera ndevu, msambo wobwera patalipatali, atha kukhala ndi vuto lotchedwa PCOS. Kwa iyeyu kutsika pang'ono, makilogalamu 4 kapena 5 pa 80, ndi kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku, n'kumene kumabweretsa msambo. N'chifukwa chake malangizo a mnzanu wa pamjigo, ngakhale anamuthandiza iye, atha kukupwetekani inu.

Kodi kutentha kwa kuno kumaimitsa msambo?

Pakokha ayi. Koma mu Okutobala ndi Novembala, kukafika madigiri 40, nsima siilowa. Munthu amangomwa madzi ndi kuyamwa mafilizesi, usiku tulo osabwera. Ndiye kudya kumachepa osazindikira. Idyani kwambiri m'mawa ndi madzulo kukazizira, masana thobwa. Othamanga ndi a majowajowa achite dzuwa lisanatuluke, atalawako kanthu.

Ndidye chiyani kuti ubwerere, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji?

Palibe chakudya chamatsenga. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pa vuto ili awiri amene anthu amawathawa, zokhutitsa ndi zamafuta, ndiwo ofunika kwambiri. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo dzanja limodzi la mtedza lili ndi oposa 150. Ndiye kutendera masamba, kuthira nsinjiro m'phala, kuphika futali m'malo mwa mbatata yongowiritsa, ndi njira yotchipa yobwezera ngongole ija popanda kukulitsa mbale.

Musayambe ntchito m'mimba muli mbee. Chikute cha dzulo, phala la mapira, mbatata ya kudimba, chilichonse. Tengani kamba popita kumunda, ndipo mudye mukangoweruka, osadikira kuti mutsuke mbale ndi kusambitsa ana kaye. Za mafupa, chigwa chino n'chodala: matemba ndi usipa wodyera pamodzi ndi minga, mkaka ndi chambiko kwa amene ali ndi ng'ombe, bonongwe, chamwamba chimene kuno timati sangowa, ndi malambe. Nandolo, khobwe, mazira, mlamba ndi makakana a m'Shire zimabwezera minofu ndi magazi.

Abambo, gawo lanu lili apa. Ngati ndiwo zachepa, mbale ya mayi isakhale yomaliza. Njinga imene imapita kubawo itha kukatunga madzi.

Za nthawi, konzekerani kudikira. Ena amaona pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ena theka la chaka, ena kuposa chaka, makamaka ngati unaima nthawi yaitali. Kawirikawiri thupi limafuna kubwerera pa sikelo imene linali pamene munkasamba bwino, mwinanso kuposerapo makilogalamu awiri. Chikazi choyera chotanuka ngati dzira losaphika ndi kulemera kwa mawere ndi zizindikiro zoti kapitawo wadzuka. Misambo yoyamba itha kubwera motalikirana. Musabwerere msanga ku zakale mutangoona kamodzi.

Ndikudziwa kuti ndiyenera kudya, koma ndikaona chakudya ndimachita mantha. Nthawi zina ndimadzisanzitsa.

Amenewa ndi matenda, ndipo ali ndi maina: anorexia, pamene munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa ngakhale ataonda, ndi bulimia, pamene amadya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa zotsegula m'mimba. Anthu amati ndi za kunja, n'chifukwa chake mtsikana wa kuno amavutika yekha, akubisa nsima m'thumba n'kukataya kudzala. Si kudzikonda, si mizimu. Kudzisanzitsa kumachotsa mchere wa potassium umene mtima umadalira, ndipo mtima utha kuima mwadzidzidzi. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, azakhali, aphunzitsi, anankungwi a kumpingo, apite nanu kuchipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo. Woonda kwambiri asamuumirize kudya mbale zodzaza tsiku limodzi. Kubwezera chakudya mwa munthu wotere kumafuna kuyang'aniridwa ndi achipatala.

Ndikapita kuchipatala ndikanene chiyani, ndipo akandichita chiyani?

Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Atsikana afunse malo a achinyamata. Zikafuna kupitirira adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kulinso zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Zoyeza mahomoni zikafunika, ulendo wake ndi wokwera Thabwa kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Adzayeza pakati, sikelo, msinkhu, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, mwina HIV, shuga ndi makhololo. Palibe chipangizo chimodzi choonetsa kuti msambo waima chifukwa cha kudya. Dokotala amafika pamenepo atachotsa zina zonse, ndiye zimene munganene ndi zimene zimamutsogolera. Musangoti "sindikusamba." Nenani mwezi umene munaona komaliza, njira yolera imene muli nayo kapena munasiya liti, zimene munadya dzulo kuyambira m'mawa, ntchito imene mumagwira, ndi mankhwala alionse, a zitsamba ndi tiyi uja yemwe. Ngati n'kotheka tengani paketi yake.

Koma izi sizidikira tsiku la kiliniki: msambo wasowa kenako mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi, chizungulire kapena kukomoka. Itha kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika imapha m'maola ochepa. Pezani kabaza, ngolo, bwato, chilichonse, usiku womwewo. Chimodzimodzi mtima ukamagunda modumphadumpha, kapena mutu ukamapweteka kwambiri maso n'kumachita chidima.

Buku lanu la kuchipatala musalisiye. Masikelo akale amene analembamo pa nthawi ya sikelo ya mimba kapena ya kolera ndi amene adzasonyeze kuti mwatsika makilogalamu angati, komanso kuyambira liti.